Mmene ndinawapezera makolo a amuna anga pa ScotlandsPeople

Amuna anga kwawo ndi ku Nova Scotia koma makolo awo anachokera ku Sutherland, kumpoto kwa Scotland. Dzina la banja amalemba Mackie, ndiye ndikasaka choncho pa ScotlandsPeople, webusaiti ya zikalata zakale za ku Scotland monga za ubatizo, ukwati ndi imfa, kumangobwera anthu osatikhudza.

Nkhani yake ndi yoti kale abusa kapena kalaliki ankalemba dzina mmene walimvera, anthu akumeneko ankayankhula Gaelic, ndiye munthu yemweyo pa ubatizo ndi McKay, pa ukwati M'Kay, pofika ku Canada wasanduka Mackie. Ndinataipa M*k* (kanyenyeziko kamaimira zilembo zilizonse) kenako nkusankha parishi ya Tongue ndi zaka zochepa chabe. Koma aaa, kumeneko a MacKay ndi mbwee, ma Donald okhaokha!

Chinandithandiza ndi satifiketi ya imfa. Kuyambira 1855 ku Scotland amalembapo mayina a makolo onse awiri, ndi dzina lakwawo la mayi. Mchemwali wawo wa agogo a amuna anga, agogo amene anapita ku Canada, anatsala ku Tongue, anamwalira 1855 itadutsa, makolo ake ndi omwewo olembedwa pa pepala laukwati wa agogowo ku Canada.