Intel Core i3-12100: kaikidwe kake, mphamvu zake, na ngati ikuyenera ndalama yanu

Mukatsegula bokosi muzapezamo purosesa mu kapulasitiki koonekera, cooler ya Intel yochedwa Laminar RM1, na kabuku ka warranty ya zaka zitatu. Ngati wogulitsa akupatsani purosesa chabe popanda bokosi, imeneyo ni ya tray, ilibe cooler ndipo ikafa mubwelera kwa iye yemweyo osati ku Intel, ndiye risiti musaisiye pa kauntala.

Musanalipire yang'anani dzina bwino bwino. Pali i3-12100 na i3-12100F, zonse zinatuluka mu January 2022 ndipo mphamvu ni imodzimodzi, koma ya F ilibe graphics mukati, mbali imene imatulutsa zithunzi pa sikirini. Anthu amathamangira ya F chifukwa ni yochipa, pamene inatuluka mtengo wa Intel unali pafupifupi madola 97 pomwe inzake inali 122, manje afika kunyumba alumikiza HDMI kumbuyo kwa motherboard, sikirini bii, ayamba kutukwana wogulitsa. Siinaonongeke iyayi, ifuna graphics card yapadera. Ngati kompyuta ni ya mu ofesi, ya pasukulu olo ya mu internet cafe tengani yopanda F, ili na UHD 730 mukati ndipo ikwanira.

Imalowa mu soketi ya LGA1700 chabe, ma board a H610, B660, B760 na ena a banja limenelo. Pa board yakale siizalowa olo mukakamize bwanji. Na RAM chenjerani, purosesa imalandira DDR4 na DDR5 koma board iliyonse imalandira mtundu umodzi chabe, ndiye ngati muli na DDR4 yakale gulani board yolembedwa DDR4 musunge kwacha zanu. Timitengo tiwiri twa 8GB tumasebenza bwino kupambana kamodzi ka 16GB, ndipo pa board ya malo anayi nthawi zambiri muika pa A2 na B2, onani mu kabuku ka board.

Manje kuika. Chotsani chingwe cha malaiti ku khoma, gwirani chitsulo cha kesi kuti magetsi a m'thupi achoke. Kankhirani kalivala ka soketi pansi, kapatuleni pambali, nyamulani chivundikiro. Mukati muzaona tumapini 1,700 tung'ono ngati tsitsi, tuli pa board osati pa purosesa, osatugwira, osagwetserapo sikuludiraiva, kamodzi kakapindika board yonse ingathe kufa ndipo ma shopu ambiri sabweza. Gwirani purosesa m'mbali na zala ziwiri, kona ili na katrayango ka golide ilinganize na chizindikiro cha pa soketi, ikhazikeni pang'ono pang'ono. Ikakhala bwino imangogona yokha, ngati yatukuka mbali imodzi inyamuleni muyambenso, osaipanikiza na chala. Potseka kalivala kamalimba maningi mpaka mtima kugunda, ni mwamene zimakhalira, ndipo kapulasitiki kakuda kamadumpha kokha. Kasungeni kameneko, tsiku lobweza board azakafunsa.

Cooler imabwera na pesiti yothandiza kuchotsa kutentha yopaka kale pansi, ya mtundu wa phulusa, osaipukuta futi osaonjezerapo ina. Tumiyendo tunayi tulowe mu mabowo a board, kanikizani tuwiri twa makona oyang'anizana mpaka mumve kuti tyaa, ndiye twinato. Chingwe cha fani chipite pa CPU_FAN, ndipo musaiwale chingwe cha mapini 8 cha pamwamba pa board chopatsa purosesa malaiti, ambiri amaiwala chimenechi. Cooler ya kompyuta yakale siikwana pa LGA1700 popanda bulaketi yake, mabowo anatalikirana pang'ono.

Za mphamvu, ili na ma core anayi (tumaubongo twa mukati mwa purosesa) na ma thread 8 (core iliyonse imagwira ntchito ziwiri pamodzi), imayambira pa 3.3 GHz kufika 4.3 GHz, cache (memory ya mukati mwake) 12MB. Apa ndiye pamene anthu amanamizidwa, chifukwa mu tauni muli ma Dell OptiPlex na ma HP ogwiritsidwa kale olembedwa "Core i5 quad core", munthu aganiza kuti i5 ipambana i3 chifukwa 5 ni wamkulu kuposa 3. Funsani nambala yonse. i5-3470 ni ya 2012, i5-6500 ni ya 2015, zonse ma core anayi na ma thread anayi chabe, ndipo core imodzi ya i3-12100 imathamanga kusiya zonsezo kutali. Futi zakalezo sizili pa mndandanda wa Windows 11, umene umayambira pa 8th gen (manambala oyamba na 8, ngati i5-8400), pomwe Microsoft inaleka kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025. Sindikuti musagule yakale, yolembera makalata na kuprinta ikali bwino ngati mwaikamo SSD, koma isagulidwe pa mtengo wa yatsopano.

Excel, Zoom, ma tabu ambiri mu Chrome, Photoshop yopangira ma poster a ukwati na a kitchen party, zonsezi i3 iyi siimva. Magemu nayonso imakoka bwino mukaipatsa graphics card yabwino. Pamene imatopa ni pa kudula mavidiyo a 4K tsiku lonse olo 3D, kumeneko onjezani ndalama mutenge i5-12400 ya ma core 6, soketi ni yomweyo. Overclock, kuithamangitsa kupitirira liwiro la ku fakitale, iwalani, imeneyo ni ya ma purosesa a K kumapeto kwa dzina ndipo i3 iyi ilibe K.

Chimene ine nimaikondera kuno kwathu ni malaiti. Intel inalemba 60W, ikalimbikira maningi ifika 89W, ndiye pa inverter olo sola siikudya batire ngati ma purosesa akulu, koma kumbukirani kuwerengera sikirini na zina zonse. Ikani UPS olo surge protector, pamene malaiti abwera mwadzidzidzi ni pamene zinthu zimapsa.

Ikafika 100°C imazichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndiye mukaona kompyuta yayamba ulesi mu October fani ikulira ngati chigayo, musathamangire kufomata. Zimitsani, tsegulani kesi, gwirani fani na chala isazungulire, uzirani fumbi na blower. Mukachotsa cooler yonse pukutani pesiti yakale muike yatsopano, kadontho kolingana na njere ya nyemba pakati.