Kusanthula zotsatira za m'minda ya kafukufuku ndi R: zolakwika zimene kompyuta siikuuzani

Chimanga chikakololedwa m'minda ya kafukufuku, n'kutongoledwa ndi kuyezedwa pa sikelo, ntchito imachoka kumunda n'kupita pa kompyuta, ndipo m'miyezi imeneyi ndimalandira ophunzira ndi ofufuza ambiri amene amabwera ndi dandaulo limodzi lakuti "R yakana." Ambiri mwa iwo amagwiritsa ntchito R, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala, chifukwa ndi yaulere, kusiyana ndi Genstat, SPSS kapena Stata zimene zimafuna laisensi yolipira. Pulogalamuyi inayambitsidwa ndi Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku yunivesite ya Auckland ku New Zealand, ndipo R 1.0.0 inatuluka mu 2000. Langizo langa kwa inu amene mwayamba kuigwiritsa ntchito ndi lakuti musaope kwambiri uthenga wofiira umene umatuluka R ikakana, pakuti ikakana ndiye kuti yakuimitsani musanapite patali. Choopsa ndi pamene yavomera, n'kukupatsani tebulo looneka bwino ndi manambala ake onse, pamene zimene yawerengera si zimene inu mumafuna.

Tiyeni titenge munda wamba woyesera mbewu. Muli mitundu 5 ya chimanga, yobzalidwa m'mabuloko 4 (zigawo za munda, chilichonse chokhala ndi mitundu yonse isanu), kotero kuti mapuloti onse ndi 20. Wolemba kumunda, pofuna kufulumira, analemba mitundu ya mbewu ndi manambala 1 mpaka 5 ndipo mabuloko anawalemba 1 mpaka 4. Inu mwawerengetsa fayiloyo mu R, mwaitcha munda, ndipo mwalemba summary(aov(zokolola ~ buloko + mbewu, munda)), lamulo loona ngati mitunduyo yasiyana pa zokolola. Tebulo lituluka popanda chenjezo lililonse. Musanathamangire kumapeto kwa mzere kumene kuli p-value (nambala imene ikachepa kwambiri timati kusiyana sikunangochitika mwamwayi) ndi tinyenyezi take, yang'anani danga loyamba lolembedwa Df (degrees of freedom), limene pa magulu limakhala chiwerengero chawo kuchotsapo imodzi. Pa munda umenewu mabuloko ayenera kukhala ndi 3, mbewu 4, ndipo Residuals (zotsala) 12, zonse pamodzi 19, ndiko kuti mapuloti onse kuchotsapo imodzi. Mukaona buloko 1, mbewu 1 ndi Residuals 17, dziwani kuti R yatenga manambala aja ngati miyeso osati mayina. Kwa iyo, mbewu ya nambala 4 ndi yochuluka kawiri kuposa mbewu ya nambala 2, monga mmene makilogalamu 4 amaposera makilogalamu 2, choncho yajambula mzere wowongoka kudutsa mitundu yonse isanu m'malo moifanizira umodzi ndi unzake.

Ndinaonapo wophunzira wina amene anali atalemba kale mutu wonse wa zotsatira, n'kunena kuti mitundu ya chimanga imene anayesa sinasiyane pa zokolola. Ankadabwa yekha, chifukwa kumunda anaona ndi maso ake kuti mtundu wachitatu unabereka kuposa yonse. Vuto linali lomweli: popeza mtundu wapakati ndi umene unali pamwamba ndipo ya m'mbali inali pansi, mzere wowongoka uja unangogona osakwera kapena kutsika. Titasintha madanga awiriwo ndi factor(munda$mbewu) ndi factor(munda$buloko), kusiyana kunaonekera, ndipo mutu wonse anaulembanso. Chimene chikanamuchenjeza msanga ndi TukeyHSD, lamulo lofanizira magulu awiriawiri, imene imakana ndi mawu akuti "no factors in the fitted model" ikapeza kuti palibe gulu loti ifanizire, koma iye sanafike pamenepo popeza tebulo loyamba linali litamuuza kale kuti palibe chosiyana.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuti lamulo loyamba kulemba fayilo ikangowerengedwa likhale str(munda). Lamuloli limaonetsa mmene R yamvera danga lililonse: num kapena int ndi manambala, chr ndi mawu, Factor ndi magulu. Pamenepo yerekezani ndi zimene mukudziwa. Zokolola ziyenera kukhala num. Zikaoneka chr, ndiye kuti penapake m'dangamo muli chinthu chosakhala nambala, ndipo kawirikawiri ndi mawu amene wina analemba ndi mtima wabwino, monga "anyani anadya" kapena "palibe", m'malo amene munayenera kukhala kulemera kwa chimanga. Liwu limodzi lokha limasandutsa danga lonse kukhala mawu. Ndemanga zotere n'zofunika ndithu, koma zikhale ndi danga lake lapadera.

Pali njira zina ziwiri zimene manambala amaonongekera asanafike n'komwe mu R. Yoyamba imakhudza amene amalandira mafayilo kuchokera kwa anzawo a ku Mozambique kapena ku South Africa, kumene makompyuta ambiri amalemba 3,5 pamene ife timalemba 3.5, ndipo madanga amawalekanitsa ndi chizindikiro cha ; m'malo mwa mpatuliro. Fayilo yotere ikawerengedwa ndi read.csv imabwera yosokonekera kapena imakanidwa kumene, ndipo mankhwala ake ndi read.csv2, imene inapangidwira kalembedwe kameneka. Yachiwiri ndi Excel, imene imakonda kukonza zimene simunaipemphe. Mukalemba feteleza wa 23:21:0 popanda china chilichonse, iyo imamva ngati mukunena nthawi ya usiku, ndipo mukalemba 3-4 imasandutsa kukhala deti. Danga la mayina lisankhireni mtundu wa Text musanayambe kulembamo.

Danga la manambala likakhala kuti lasanduka Factor, samalani polibweza. Kugwiritsa ntchito as.numeric mwachindunji kumakupatsani manambala a magulu, 1, 2, 3 ndi otsatira, osati kulemera kwenikweni, ndipo R siidandaula. Dutsani kaye pa as.character, kenako as.numeric, ndipo chenjezo lakuti "NAs introduced by coercion" likatuluka, fufuzani mizere imene yasanduka NA, chizindikiro cha R cha chosowa, chifukwa ndi mmene muli mawu obisala aja. Amene mukugwiritsa ntchito script (fayilo ya malamulo a R) yakale yobwereka kwa aphunzitsi kapena kwa mnzanu, dziwaninso kuti kuyambira pa R 4.0.0, imene inatuluka mu Epulo 2020, read.csv siisandutsanso mawu kukhala Factor payokha monga inkachitira kale. Script imene inkayenda bwino mu 2018 ikhoza kukupatsani NULL pa levels lero, osati chifukwa deta yanu ndi yolakwika ayi.

Mayina a magulu aoneni ndi table(munda$mbewu). Pa munda wathu uja payenera kutuluka mayina 5, lililonse ndi mapuloti 4. Kwa R, "Lokolo", "lokolo" ndi "Lokolo " wokhala ndi mpata kumapeto ndi mitundu itatu yosiyana, ndipo mpata wa kumapetowo diso siliuona pa Excel. Malamulo a trimws ndi tolower amakonza zimenezi, ndipo Df ya mbewu ikaposa 4 muyambe kukayika pamenepa.

Nkhani ya puloti imene sinakololedwe ikufunika kuifotokoza mofatsa, chifukwa apa kompyuta singakuganizireni. Ngati mbuzi zinalowa n'kudya puloti yonse, zokolola zake sizikudziwika, choncho mulembe NA. Mukalemba 0, mukunena kuti mbewuyo inalephera yokha kubereka, ndipo avereji yake itsika pa mlandu wa mbuzi. Koma ngati mbewu inafa ndi matenda amene mukuwayesa, 0 ndiye zoona zake ndipo kulemba NA kungakhale kuibisira kulephera kwake. Ena anazolowera kulemba 999 kapena -99 posonyeza chosowa, ndipo R imawerengera nambalayo ngati zokolola zenizeni pokhapokha mutaiuza kudzera pa na.strings powerenga fayilo. Lamulo la summary(munda) limaulula zimenezi, pakuti limaonetsa nambala yaing'ono ndi yaikulu kwambiri pa danga lililonse. Puloti imodzi ikasowa, aov imangoichotsa n'kulemba pansi pa tebulo kuti "1 observation deleted due to missingness", ndipo Residuals imatsika kufika pa 11. Kuyambira pamenepo munda sulinso wolingana mbali zonse, ndipo dongosolo la mawu mu fomula limayamba kusintha zotsatira, chifukwa aov imapatsa liwu loyamba gawo lake kaye, lotsatira n'kutenga zotsala. Ikani buloko patsogolo ndipo mbewu pambuyo, kapena gwiritsani ntchito Anova ya m'phukusi la car (phukusi ndi malamulo owonjezera amene mumaika mu R), yolembedwa ndi A wamkulu, imene siidalira dongosololi.

Cholakwika china chimene Df imaulula ndi kuwerengera mbewu iliyonse ngati puloti payokha. Mwayeza kutalika kwa mapesi 10 pa puloti iliyonse, ndipo fayilo ili ndi mizere 200. Mukaiponya mu aov mmene ilili, Residuals ikhala 192 m'malo mwa 12, ndipo pafupifupi chilichonse chioneka chosiyana kwambiri. Zimenezi zimakondweretsa wofufuza, koma si zoona, chifukwa mtundu wa mbewu unagawidwa ku puloti osati ku phesi, ndipo mapesi a m'puloti imodzi amadya nthaka imodzi. Njira yosavuta ndi kupeza avereji ya puloti iliyonse ndi aggregate kuti mubwerere pa mizere 20. Njira ina ndi lmer ya m'phukusi la lme4, kuika puloti ngati random effect, kutanthauza kuuza R kuti mapesi a m'puloti imodzi ali m'gulu limodzi. Kumeneko mungakumane ndi uthenga wa "singular fit", umene kawirikawiri umatanthauza kuti kusiyana kwa gulu lina kwawerengeredwa kukhala 0 kapena kuti mwapempha zambiri kuposa zimene deta yanu ingathe kuyankha. Ndi mabuloko 3 kapena 4 okha, ine ndimaona kuti n'kwanzeru kusiya buloko ngati gulu wamba ndi kupeputsa model m'malo molimbana ndi chenjezolo.

Amene mumawerenga tizilombo, monga ntchemberezandonda pa phesi lililonse, manambala anu ndi owerenga osati oyeza, ndipo ambiri mumapita ku glm ya poisson, njira yosanthulira manambala otere. Mukatero, yerekezani Residual deviance, imene imatuluka mu summary, ndi Df yake. Zikakhala zoyandikana palibe vuto, koma ngati deviance ndi yaikulu kangapo, mwachitsanzo 60 pa Df 12, ndiye kuti tizilomboto tinaunjikana pa mapesi ena kuposa mmene poisson imayembekezera, ndipo p-value yanu yachepa mwachinyengo. Sinthani kupita ku quasipoisson kapena glm.nb ya m'phukusi la MASS.

Pa magirafu, zokana zambiri n'zazing'ono. Mawu akuti "could not find function" amatanthauza kuti simunatsegule phukusi ndi library pa ulendo uno, ngakhale munaliika pa kompyuta kale. Mu ggplot2, phukusi lojambulira magirafu, chizindikiro cha + chikhale kumapeto kwa mzere osati koyambirira kwa wotsatira. "Figure margins too large" mu RStudio, pulogalamu yoyendetsera R, imatha mukakulitsa zenera la zithunzi, ndipo girafu ya ggplot yolembedwa mkati mwa for, lamulo lobwerezabwereza, siituluka pokhapokha mutaikulunga mu print. Koma palinso zolakwika zachete ziwiri zimene ndazionapo zitafika mpaka m'malipoti. Mukapatsa geom_col, yojambula girafu ya mizati, mapuloti onse 20, iyo imasanjikiza mapuloti anayi a mtundu uliwonse pamwamba pa anzake, kotero kuti mbewu yobereka matani 4 pa hekitala imaoneka ngati yabereka 16. Amene amadziwa chimanga azindikira msanga, koma pa kutalika kwa mapesi kapena kuchuluka kwa tizilombo zimadutsa osaoneka. Pezani kaye avereji, kapena, chimene ine ndimakonda pa munda waung'ono, onetsani puloti iliyonse ngati kadontho kuti owerenga adzionere okha kufalikira kwake. Chachiwiri ndi ylim, yoikira malire a m'munsi ndi m'mwamba, imene siimangofupikitsa girafu koma imataya manambala onse akunja kwa malirewo isanawerengere boxplot kapena avereji, n'kungosiya kachenjezo koyamba ndi mawu akuti "Removed". Pofuna kuyandikitsa chithunzi popanda kutaya kanthu, gwiritsani ntchito coord_cartesian.

Zonsezi zimakhala zosavuta kuzitsata ngati fayilo yochokera kumunda simuikhudza, ndipo kukonza kulikonse mwakulemba mu script m'malo mosintha pa Excel ndi dzanja, kumene pakatha mwezi simungakumbukire kuti munasintha chiyani. Zinthu zikasokonekera mosadziwika bwino, tsekani R, muitsegulenso yopanda kanthu, ndipo muyendetse script kuchokera pamwamba mzere umodzi umodzi. Nthawi zambiri mupeza kuti "object not found" inabwera chifukwa dzina lina munalipanga dzulo pa console, zenera lolembapo malamulo mwachindunji, osalilemba mu script, kapena munalemba Zokolola pamene fayilo ili ndi zokolola. Konzani uthenga wofiira woyamba, chifukwa otsatirawo kawirikawiri ndi ana ake.

Mukafika pofuna thandizo kwa mlangizi wanu, musatumize chithunzi cha sikirini chojambulidwa ndi foni pamodzi ndi mawu akuti sizikutheka. Tumizani mzere weniweni umene mwalemba, uthenga wonse umene watuluka mmene ulili, zotsatira za str(munda), ndi mizere yochepa ya deta yotengedwa ndi dput, mutachotsamo mayina ndi manambala a foni a alimi ngati alimo. Onjezerani zotsatira za sessionInfo() kuti adziwe R imene muli nayo, ndipo fotokozani mmene munda unayalidwira: mabuloko angati, mapuloti angati, ndi chimene chinayezedwa pa puloti iliyonse.