Kusiya ntchito yolembedwa n'kuyamba luso la manja: choyamba n'chiti, chomaliza n'chiti

Ambiri akaganiza zosintha ntchito amayamba ndi kalata yotsanzika abwana. Kalatayo iyenera kukhala chinthu chomaliza. Malipiro amene mukuwaona ngati ochepa lerowo ndi amene angakulipirireni fizi, kukugulirani zipangizo ndi kudyetsa ana pamene mukuphunzira ntchito yatsopano. Mukawataya msanga, mudzayamba kudya mpamba musanapeze kasitomala ndi mmodzi yemwe.

Pano titenga chitsanzo cha munthu wogwira ntchito ya muofesi, yam'sitolo kapena yauphunzitsi amene akufuna kukhala mmisiri wa zamagetsi ndi sola. Zambiri mwa izi zikukhudzanso wofuna ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kusoka kapena kukonza magalimoto.

Ndalama kaye

Tengani kope, mulembe chilichonse chimene chikutuluka m'thumba kwa miyezi itatu: lendi, chakudya, fizi, madzi, magetsi, thiransipoti, mayunitsi, mankhwala, zotumiza kumudzi, zopepesa pamaliro. Musalembe zimene mukuganiza kuti mumawononga, lembani zimene zatulukadi, chifukwa ziwirizi zimasiyana kwambiri. Mukapeza ya mwezi umodzi, chulukitsani kasanu n'kamodzi. Ngati pakhomo pamatha K300,000 pamwezi, mukufunika K1,800,000 yongodyera, ndipo imeneyi ndi yosiyana ndi ya fizi ndi ya zipangizo. Osaziphatikiza. Mmisiri watsopano amapeza ntchito mwa apo ndi apo, ndipo ngakhale waimaliza, ndalama imabwera mochedwa, mwina theka lokha.

Nyengo yochokera nayo njofunika. Kumanga nyumba kumachepa nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene ndalama za anthu zimapita ku feteleza, maganyu akumunda ndi fizi ya Januwale. Ndalama zimayamba kuyenda anthu akakolola ndiponso misika ya fodya ikatsegulidwa, cha mu Epulo kupita m'tsogolo. Wosiya ntchito mu Novembala amayambira pa miyezi yowuma kwambiri. Konzani kuti mwezi wanu womaliza ukhale Malichi kapena Epulo.

Ngongole yodulidwa pamalipiro, kaya ya kubanki, ku SACCO kapena ya kuntchito komweko, imalizeni musanachoke, kapena werengani pangano lake kuti mudziwe chimene chidzachitike mukasiya. Kawirikawiri yotsalayo amaidula pa ndalama zanu zomaliza, ndiye zimene mumati mukayambira zimathera pomwepo. Za katapila musaziyandikire n'komwe: palibe luso limene lingabweze chiwongoladzanja chotero m'chaka choyamba.

Zipangizo gulani chimodzichimodzi mwezi uliwonse mudakali pantchito, osadikira kuti mudzagule zonse tsiku limodzi. Pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankasunga ndalama yogulira zipangizo anapeza kuti sikukwananso. Wa zamagetsi ayambe ndi multimeter (chida choyezera magetsi) yabwino, tesita, pulayala, masikuludiraiva okutidwa bwino kuti asagwidwe ndi magetsi, hamala, tchizulo, tepi yoyezera ndi levulo. Dirilo ndi makwerero zikhoza kudikira, poyamba mungabwereke.

Ilaweni ntchitoyo musanalipire fizi

Pezani mmisiri amene ali ndi ntchito zambiri, mumupemphe kuti muzimutsatira Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri kapena itatu, mwaulere, mukumunyamulira chikwama. Musasankhe masiku abwino okha. Lowani m'denga la malata masana a mu Okutobala, gobani khoma ndi tchizulo mpaka manja atuluke matuza, imani pambali pamene mwininyumba akukana kulipira yotsala. Pali chinanso chimene ochokera muofesi sachiyembekezera: mudzatumidwa ndi mnyamata wochepa kwa inu ndi zaka khumi, ndipo anthu amene ankakutchulani kuti abwana kapena aphunzitsi adzakuonani mutavala ovolosi, muli fumbi lokhalokha. Ena zimenezi sizimawavuta. Ena zimawabweza, ndipo ndi bwino kuzidziwa pa Loweruka laulere kusiyana n'kuzidziwa mutasiya kale ntchito.

Funsani amisiri atatu osiyana mafunso omwewo: mwezi watha anagwira ntchito zingati, zingati zinalipidwa zonse, ndipo makasitomala amawapeza bwanji. Musafunse kuti amapeza zingati, sangakuuzeni zoona.

Wina anena kuti mapanga awiri avumbwitsa. N'zoona ngati mukuba nthawi ya abwana, kuzemba masana n'kumayankha mafoni a makasitomala muli pantchito. Mukatero mudzachotsedwa musanakonzeke, ndiponso mudzataya umboni wabwino umene mudzaufune m'tsogolo. Gwiritsani ntchito madzulo, mapeto a sabata ndi masiku anu a tchuthi, ndipo onani ngati kontirakiti yanu ikuletsa kugwira ntchito ina yapambali.

Maphunziro ndi mapepala

Maphunziro a ntchito zamanja m'Malawi amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Njira zilipo zingapo, ndipo yoyenera inu ikudalira zaka zanu ndi udindo umene muli nawo pakhomo.

Yoyamba ndi yolowa m'makoleji akuluakulu monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia kudzera m'chisankho chimene TEVETA imalengeza. Imafuna MSCE, malo ndi ochepa, ndipo imatenga zaka zingapo mukusinthana pakati pa kalasi ndi kukampani. Kwa wachinyamata wopanda banja ndi njira yabwino koposa. Kwa bambo kapena mayi wa ana atatu njovuta, chifukwa imafuna munthu yense. Wotere afunse kumakoleji omwewo za maphunziro odzilipirira, ndiponso ngati pali makalasi a madzulo kapena a mapeto a sabata. Palinso makoleji am'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015, omwe ali pafupi ndi anthu m'maboma ambiri.

Amene anaphunzira kale luso pamanja pa mmisiri wina, kapena anagwirapo ntchitoyo kunja, asayambirenso pa chiyambi. TEVETA ili ndi ndondomeko yoyesa luso limene munthu ali nalo kale n'kumupatsa satifiketi, imene amaitcha RPL. Umboni ndiye nkhani yake: makalata ochokera kwa amene munawagwirira ntchito, zithunzi za ntchito zanu, mayina a malo ndi masiku. Amene muli ku Joni ndipo mukuganiza zodzabwerera, yambani kusonkhanitsa zimenezi mudakali komweko, chifukwa kulondola kalata kwa bwana wa ku Johannesburg muli ku Mangochi si masewera.

Sukulu zoima pazokha zilipo zambiri, zabwino ndi zongofuna fizi. Musanalipire, funsani ku TEVETA ngati sukuluyo inalembetsedwa ndiponso ngati maphunziro amene mukufunawo ndi ovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi ina ayi. Kenako pitani mukaone chipinda chophunzirira ntchito. Ngati ophunzira makumi atatu akulimbirana multimeter imodzi, mudzatuluka ndi pepala koma manja osadziwa kanthu. Funsaninso kuti ophunzira a chaka chatha anapita kukampani ziti kukaphunzira ntchito.

Satifiketi si chilolezo. Woika mawaya m'nyumba za anthu ndi woika sola amafunika chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, ndipo ESCOM isanalumikize magetsi imafuna umboni woti mawaya anaikidwa ndi munthu wovomerezeka. Mpaka mutapeza chanu, gwirani pansi pa mmisiri amene ali nacho, amene adzayendere ntchitoyo ndi maso ake asanasaine. Kugula siginecha kwa munthu amene sanafikepo pamalopo kumaoneka kotchipa mpaka tsiku limene nyumba yapsa.

Kutuluka bwino pantchito

Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo kontirakiti yanu ikhoza kunena nthawi yoposa pamenepo. Mukangochoka osapereka notisi, abwana ali ndi ufulu wofuna ndalama ya nthawi imeneyo. Lembani kalata yaifupi, yaulemu, yokhala ndi tsiku lomaliza, ndipo musunge kope lake losainidwa. Madandaulo anu asalowemo.

Masiku a tchuthi amene simunatenge ayenera kulipidwa: lamulo limapereka masiku 15 pachaka kwa wogwira masiku asanu pasabata, ndi 18 kwa wogwira masiku asanu n'limodzi. Pemphaninso kalata yosonyeza nthawi imene mwagwira ndi udindo umene munali nawo, ndi ufulu wanu.

Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka: wosiya yekha salandira ndalama ya severance. Imeneyi imaperekedwa kwa wochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena wochotsedwa mopanda chilungamo, ndipo imawerengedwa motere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu n'chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse choposa pamenepo. Wogwira zaka zisanu n'zitatu ndiye kuti ali ndi masabata 19. Ngati kuntchito kwanu kwamveka kale zoti achepetsa anthu, musathamangire kulemba kalata, dikirani muone.

Penshoni ndi nkhani ina. Mwezi uliwonse inu mumadulidwa 5 peresenti ndipo abwana amaikapo 10 peresenti. Musanachoke, pemphani sitetimenti kukampani yosunga penshoniyo kuti muone ngati zimene ankakudulanizo zinkafikadi, chifukwa si mabwana onse amene amatumiza. Kulondola zimenezi n'kosavuta mudakali mkati. Lamulo limalola kutapa gawo lina mukakhala miyezi ingapo osapeza ntchito ina, koma musaiwerengere ngati mpamba woyambira: imachedwa, sibwera yonse, ndipo ndi ndalama ya ukalamba wanu. Ngati kuntchito anakulipirirani sukulu n'kukusainitsani pangano loti mugwire zaka zakutizakuti, werengani zotsala. Ndipo ngati kwanuko amalola tchuthi chosalipidwa, yambani mwapempha chimenecho, khomo likhale lotsegula.

Miyezi yoyamba

Chaka choyamba ndi bwino kulembedwa kapena kugwira pansi pa kontirakitala kusiyana n'kudziimira nokha. Malipiro adzatsika, vomerezani. Dziwaninso kuti nthawi yoyesedwa ikhoza kufika miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ingathetse ntchito popanda notisi. Pa CV musaike zaka zanu za muofesi pamwamba ngati kuti n'zimene akufuna. Yambani ndi luso latsopanolo, kumene munaphunzira, ntchito zimene mwagwirapo ndi mmisiri amene angakuchitireni umboni. Zakale sankhanipo zothandiza: kalaliki amadziwa kulemba koteshoni ndi kusunga malisiti, mphunzitsi amadziwa kufotokozera kasitomala, wam'sitolo amadziwa kuwerengera katundu. Amisiri ambiri aluso amagwa pa zimenezi, ndiye ndi pamene inu mungapose anzanu.

Mukayamba kulandira ntchito zanuzanu, koteshoni iliyonse ilembedwe, ndipo ndalama ya katundu isiyane ndi ya ntchito ya manja anu. Lembani kuti mtengowo ukugwira masiku asanu n'awiri okha, popeza mitengo ya mawaya sikhazikika. Katundu alipiridwe yense ntchito isanayambe, ndipo ya manja igawidwe: gawo poyamba, gawo pakati, yotsala pomaliza. Musagulire kasitomala katundu ndi ndalama yanu. Thiransipoti, chakudya cha masana ndi malipiro a wokuthandizani zilowe mu mtengo, chifukwa atsopano ambiri amaziiwala n'kudabwa kuti agwira sabata yonse koma m'thumba mulibe kanthu.

Mwininyumba akafuna kuchepetsa mtengo, amayamba ndi mawaya. Musalole. Mababu amafuna waya wa 1.5 mm² (muyeso wa kunenepa kwa mkuwa wake), masoketi 2.5 mm², chophikira 6 mm², ndipo pamsika pali mawaya olembedwa 2.5 koma mkuwa wake ndi wochepa kapena ndi chitsulo china chongopakidwa mtundu wa mkuwa. Waya wotere umatentha ukalemedwa. Sendani kachidutswa muone musanagule mpukutu wonse.

Pa sola, mkangano waukulu umabwera chifukwa chosauzana zoona poyamba. Batire la 12V 100Ah limasunga pafupifupi 1,200Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), koma ngati ndi la asidi muyenera kugwiritsa theka lokha, 600Wh, kuti likhalitse. Mababu asanu n'limodzi a 7W kwa maola asanu amadya 210Wh, TV ya 60W kwa maola asanu 300Wh, basi latsala pang'ono kutha. Wina akalumikizapo ayironi ya 1,000W, gawo lonselo limatha m'mphindi zosakwana 40, batire limafa m'miyezi yochepa, ndipo mlandu umagwera woika. Lembani papepala zimene sola imeneyo inganyamule ndi maola ake, kasitomala asaine, inu musunge kope.

Achibale ndi anzanu a kuntchito yakale ndiwo makasitomala oyamba, ndiponso ndiwo ovuta kulipira. Auzeni mtengo weniweni, kenako muwachotsere poyera, kuti akamauza ena anene mtengo woona.

Makampani, masukulu ndi mabungwe salipira munthu wopanda mapepala. Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA, ndipo mutsegule akaunti ya bizinesi yosiyana ndi ya pakhomo. Ena mwa iwo adzakudulani msonkho asanakulipireni, choncho funsani satifiketi ya msonkho wodulidwawo ndipo muisunge. Kumapeto kwa mwezi uliwonse lembani zolowa, zotuluka ndi ngongole zimene anthu ali nazo kwa inu. Ndalama yodyera ija ikatsala ya miyezi iwiri koma ntchito isanayambe kulipira theka la zofunika pakhomo, funani kontirakitala woti akulembeni pa luso lomwelo musanayambe kugulitsa zipangizo.