Ndalama ya Chakudya Ikamatha Mwezi Uli Pakati

Likamafika tsiku la 15 kapena 18, makomo ambiri a m'tauni amakhala atayamba kale kugula ufa wa wokumani ndi mafuta oyeza m'timapepala. Malipiro analandiridwa bwinobwino, kunalibe maliro, palibe amene anadwala, koma ndalama ya chakudya yatha. Ndikamacheza ndi magulu a amayi, funso limakhala lomwelo: "Alangizi, zinthu zakwera, titani?" Kukwerako n'koona. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pomwepo namondwe Freddy anakokolola minda kum'mwera, ndipo mu 2024 ng'amba inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Zimenezo sitingazikonze tili pakhomo. Zimene zili m'manja mwathu ndi ulendo wa chakudya kuchoka pamsika, kudutsa kuchigayo ndi pambaula, mpaka kufika m'mbale, ndipo pa ulendo umenewu pamatayika zambiri kuposa mmene timaganizira.

Poyambira ndi kope. Tengani kope la mwana lomwe latsala masamba, ndipo kwa masabata awiri lembani chilichonse chodyedwa chimene chagulidwa, ngakhale mulu wa tomato kapena mandasi awiri a mwana wa sukulu. Abambo, nanunso lembani zanu: chipisi cha pachiwaya masana, kanyenya wa madzulo, botolo la zoziziritsa kukhosi. Musasinthe kadyedwe masiku amenewa, ingolembani. Ambiri akawonkhetsa amadabwa kuona kuti thumba la chimanga, lomwe amalidandaula tsiku lililonse, silimene likudya ndalama zambiri. Zikudya ndi tinthu ta tsiku ndi tsiku: buledi, shuga wa kaphaketi, mafuta oyeza, makala a m'jumbo.

Chachiwiri ndi kuyeza ufa. Pakhomo pena pamene ndinafika, pa anthu asanu ndi mmodzi, mayi ake ankatapa ufa ndi mbale mongoyerekeza, monga tonse tinaphunzirira kwa amayi athu. Usiku uliwonse m'bakuli munkatsala mitanda iwiri, nthawi zina itatu. M'mawa ana ankakana mkutewo, ndipo unkathera kwa nkhuku za aneba. Tinakhala pansi pakhonde ndi kapu ya pulasitiki, n'kuwerenga makapu amene ankalowa mumphika. Anachotsapo imodzi pa kuphika kulikonse. Palibe amene anagona ndi njala, ndipo thumba lija linapitirira ndi masiku angapo. Mayiwo anati, "Alangizi, ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuphikira nkhuku za eni." Sankhani kapu imodzi, ikhale ya ufa basi, ndipo aliyense wophika pakhomopo, kaya ndi mtsikana wothandiza ntchito kaya ndi mwana, adziwe kuti ndi makapu angati masana, angati madzulo. Mafuta ophikiranso aziyezedwa ndi sipuni, osati kupendeketsa botolo pamwamba pa poto.

Tsopano nkhani ya kuchigayo, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pamatayika chakudya chambiri. Chimanga chikakonoledwa, n'kupetedwa, mphale n'kuviikidwa masiku awiri kapena atatu, n'kutsukidwa, n'kuanikidwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limakhala litapita ku madeya ndi m'madzi otaya aja. Ngati simukukhulupirira, yezani nokha: werengani ndowa zimene mwapita nazo kuchigayo, mudzawerengenso ufa woyera umene mwapeza pamapeto. Banja lodya thumba limodzi la makilogalamu 50 pa mwezi limagula matumba 12 pa chaka, ndiye kuti pafupifupi matumba anayi amathera mu gaga. Kuonjezera apo mumalipira chigayo kawiri, kukonoletsa ndi kugayitsa. Ndipo chimene chachoka ndi mtima wa chimanga, momwe muli mafuta ndi mavitamini ofunika m'thupi.

Ndikudziwa kuti mgaiwa ena amauona ngati chakudya cha kusukulu yogonera kapena cha chaka cha njala. Sindikukuuzani kuti musinthe lero lomwe, chifukwa pakamwa pamazolowera pang'onopang'ono. Yambani ndi kusakaniza, magawo awiri a ufa woyera ndi limodzi la mgaiwa, mwezi wotsatira theka ndi theka. Kapena pitani pa gramilu, wokonola koma osaviika. Phala la m'mawa lokha likhale la mgaiwa weniweni. Zinthu ziwiri muzisamale: mgaiwa sukhalitsa, umayamba kuwawa chifukwa cha mafuta aja, choncho gayitsani wa masabata awiri okha n'kuuanika uzizire musanauike m'ndowa. Komanso popeza khungu la chimanga silichoka, sankhani bwino musanagayitse. Njere zowola, zachuku ndi zosintha mtundu zitayeni, musazipatse ngakhale nkhuku, chifukwa chuku chimenechi chili ndi poizoni wowononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana.

Nthawi yogulira nayo ndi ndalama. Chaka ndi chaka chimanga, nyemba, mtedza ndi soya zimatsika mtengo pokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, n'kukwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Amene wagula matumba atatu kapena anayi mu Meyi wadzipulumutsa ku mizere ya ku ADMARC ndi mitengo ya mavenda nthawi ya dzinja. Koma kugula n'kosavuta, chovuta n'kusunga. Chimanga cha mu Epulo nthawi zambiri chimakhala chisanaumitsitse. Lumani njere: youma imathetheka, yaiwisi imangophwanyika mofewa. Njira ina, thirani mchere wouma m'botolo lagalasi louma, onjezani njere zodzaza dzanja, tsekani, khutchumulani n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chianikidwenso. Chikauma, matumba a PICS ndi abwino chifukwa safuna mankhwala. Ali ndi mapepala awiri mkati ndi saka kunja, ndipo mukamanga lililonse palokha mwamphamvu, anankafumbwe amafa posowa mpweya. Musalibowole, musamalitsegule pafupipafupi, ndipo liikeni pa matabwa, osati pansi kapena kutsamira khoma. Ngati mukuthira mankhwala monga Actellic, tsatani muyezo wolembedwa pa botolo, osaonjeza poganiza kuti ndiye agwira bwino.

Amene amalandira ndalama pang'onopang'ono, a maganyu ndi a geni, amandiuza kuti zogula zambiri pakamodzi ndi za anthu a pamwezi. Ndimawamvetsa, ndipo n'zopweteka kuti wosauka ndiye amagula modula, chifukwa mafuta a m'kapepala mukawaphatikiza mpaka kudzaza botolo amaposa mtengo wa botololo. Njira yake ndi kugwirizana. Makomo anayi kapena asanu asonkhe, agule chigubu cha mafuta cha malita 5, belo la shuga, mchere ndi sopo kogulitsa zopikulitsa, n'kugawana ndi muyezo umodzi pamaso pa onse. Chimodzimodzi tomato, anyezi, kabichi ndi mbatatesi: amene ali ndi m'bale wodutsa pa Lizulu, Tsangano, Bembeke kapena Jenda amtume dengu limodzi, mugawane. Popita kumsika lembani zogula, pitani mutadya, ndipo yambani mwazungulira kufunsa mitengo musanatulutse ndalama. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kunenerera si manyazi, ndipo mukakhala kasitomala wa mayi mmodzi wa masamba, basela samakuiwalani.

Pa ndiwo ndi pamene ndimaopa kuti malangizo angamveke molakwika. Kuchepetsa ndalama sikutanthauza nsima ndi masamba a mchere okhaokha mwezi wonse. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja, zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, akufunikabe tsiku lililonse. Nkhani ndi kusankha chotsika mtengo m'gulu lililonse. Pa zanyama, bonya, usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo mmenemo ndi mmene muli zolimbitsa mafupa. Mazira awiri osakaniza ndi tomato ndi anyezi amakwanira ana atatu. Pa zanyemba musangodalira nyemba zokha pamene nandolo ndi khobwe nthawi zambiri zimatsikirapo. Nsinjiro zimagwira ntchito ya mafuta: nkhwani kapena chisoso chotendera sichifuna dontho la mafuta ogula. Zipatso idyani za nyengo yake, mango mu Disembala, masuku, magwafa, mapeyala, manachesi nthawi yozizira, osati maapozi ochokera kunja.

Masamba ndiye sitiyenera kugula tsiku lililonse. Ngakhale panyumba ya lendi, matumba atatu akale odzaza dothi ndi manyowa, obowola m'mbali, amabereka mpiru, repu ndi bonongwe, ndipo madzi otsukuluzira mbale amakwanira kuthirira. Bonongwe amayamba kuthyoledwa patangotha mwezi. Dzinja masamba akachuluka, futsani monga ankachitira agogo: khwanya, chitambe ndi nkhwani muziviike m'madzi owira kwa mphindi zochepa, n'kuziyanika pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa lamphamvu lomwe limawononga mavitamini. Mfutso umenewu udzakuthandizani mu Okutobala. Tomato amachita zosiyana, amatchipa chilimwe n'kudula mvula ikayamba, choncho mduleni mopyapyala mu Seputembala, muumitse, musunge m'botolo lotseka. Soda m'masamba chepetsani, amafewetsa msanga koma amapha zofunika m'thupi.

Makala nawo ndi mbali ya ndalama ya chakudya, ngakhale ambiri sawalemba m'kope. Nyemba ziviikeni usiku wonse, madziwo mutaye, ndipo zipsa pa nthawi yochepa kwambiri. Phikani za masiku awiri pamoto umodzi, koma zotsalazo muziwiritse bwinobwino musanadye. Vindikirani poto. Konzeranitu zonse, tomato wodula, ufa uli pafupi, musanakoleze moto, ndipo mukamaliza zimitsani makala otsala ndi dothi kapena mchenga kuti mawa agwirenso ntchito. Ophikira nkhuni apeze Chitetezo Mbaula, ija yadothi, imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa.

Chakudya cha m'mawa ndi chimene chimaonekera kwambiri m'makope amene ndaonapo. Buledi, majarini ndi tiyi wa shuga wambiri tsiku lililonse ndi ndalama yaikulu, chonsecho pofika 10 koloko mwana ali ndi njala. Mbatata yofiira mkati, monga Kaphulira, Kadyaubwerere kapena Zondeni, imakhutitsa ndipo ili ndi vitamini A. Futali, chinangwa, maungu, nthochi zophika, chigumu chophika nokha Loweruka, zonsezi zisinthane ndi buledi. Phala la soya pangani nokha pa muyezo wa Likuni Phala, makapu anayi a chimanga ndi imodzi ya soya. Soyayo musamunyowetse ndi madzi ozizira, amanunkha. Muthireni m'madzi owira kale, awire pafupifupi theka la ola, muumitseni, kenako mugayitse pamodzi ndi chimanga. Mwana wopita kusukulu mum'patse mtedza wokazinga, mbatata kapena botolo la thobwa m'malo mwa ndalama ya tokomera pakamwa. Ndipo pogawa chakudya, mwana wamng'ono, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa asakhale oyamba kuchepetseredwa. Mwana akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zimene wadya.

Ndalama ikangofika, gulani kaye zosawonongeka za mwezi wonse: chigayo, nyemba, mafuta, mchere, shuga, nsomba zouma, makala. Yotsalayo igaweni pasanu, osati panayi, chifukwa mwezi umapitirira masabata anayi, ndipo gawo lachisanulo ndi limene limalandira mlendo wobwera mwadzidzidzi. Mlendo ndi mame, sitingam'bweze, koma tim'konzekere. Ngati ndalama ili pa Mpamba kapena Airtel Money, tapani kamodzi pa sabata, popeza kutapa pang'onopang'ono tsiku lililonse kumadya ndalama yodulidwa. Ngongole ya pa okala ipeweni ndithu. Wotenga pangongole safunsa mtengo, ndipo malipiro a mwezi wamawa amafika atatha kale. Za katapila wogulira ndiwo ndiye musayerekeze n'komwe.

Abambo, ndikupempheni mwaulemu. Ambiri mumasiya ndalama ya ndiwo pa tebulo m'mawa, yofanana ndi imene munkasiya zaka ziwiri zapitazo, ndipo madzulo mumadabwa kuona masamba. Pitani limodzi ndi mayi kumsika kamodzi kokha pa mwezi, mudzionere mulu wa usipa mmene wachepera. Kope lija mulitsegule nonse awiri, ndipo ana okulirapo akhalepo, chifukwa ndi amene amatumidwa ndi kuphika.

Amene muli m'mabanki m'khonde, ganiziraninso nthawi yogawana. Magulu ambiri amagawana mu Disembala, pamene chimanga chili pa mtengo wokwera ndipo ndalama ikulimbirana ndi feteleza, Khirisimasi ndi fizi ya Januwale. Kambiranani pagulu kuti pakhale kathumba kena kapadera ka chakudya, kosonkha kuyambira Julayi n'kugawana mu Meyi. Ngati gulu silikuvomera, makomo asanu okha akwanira kuyambitsa chipereganyu chawo, ndipo matumba a PICS muwaguliretu mu Malichi, chimanga chisanayambe kutuluka m'minda.