Mmene mungaulutsire droni osatseketsa eyapoti kapena kugundana ndi helikopita ya asilikali

Anzanga amene mwagula kadroni, kaya kojambulira ma vidiyo kaya kongoseweretsa, tiyeni tikambirane nkhani iyi chifukwa ambiri amangotsegula katoni, kutchaja batire nkuyamba kuulutsa pompo osadziwa kuti kumwambako kuli eni ake. Kanthu kosafika ndi kilo imodzi kangathe kuimitsa ndege zonse pa eyapoti yaikulu, ndipo sikuti kachite kugunda ndege ayi, kungooneka kokha basi a ku tawa yoongolera ndege amatseka runway, msewu womwe ndege zimanyamukira ndi kuterapo, mpaka atsimikize kuti kachoka.

Ku eyapoti ya Gatwick, kufupi ndi London, kuyambira pa 19 mpaka pa 21 Disembala 2018 anthu ankangonena kuti aona droni pafupi ndi runway, akati atsegule wina nkunenanso kuti yabweranso, mapeto ake maulendo a ndege pafupifupi 1,000 analephereka kapena kutembenuzidwira kwina ndipo anthu pafupifupi 140,000 anavutika nthawi ya Khirisimasi. Mpaka anaitana asilikali ndi zida zawo zofufuzira ma droni. Apolisi anagwira anthu awiri nkuwamasula opanda mlandu, ndipo palibe amene anapezeka wolakwa pa nkhaniyi. Chomwe chinatsatira nchoti mu Malichi 2019 dziko la UK linakuza dera loletsedwa mozungulira ma eyapoti, kuchoka pa kilomita imodzi kufika cha m'ma kilomita 5, nde olakwa sanapezeke koma onse oulutsa ma droni anapanikizika.

Choyamba ndi mapu, musanatuluke nkomwe m'nyumba

Dziko lililonse lili ndi bungwe loona za maulendo a ndege, ku America ndi FAA, ku UK ndi CAA, ku Ulaya malamulo ambiri amachokera ku EASA, ndipo ndi amenewa amene amanena komwe droni ingauluke ndi komwe singauluke. Pezani mapu awo kapena apu yomwe iwowo avomereza, lembani malo enieni omwe mukufuna kukaimapo, muone ngati ali mu dera la eyapoti, la kampu ya asilikali kapena la chipatala chomwe pamatera helikopita. Ngati mwalowa mu dera loyang'aniridwa ndi tawa simuulutsa popanda chilolezo. Ku America kuli njira yotchedwa LAANC yomwe umapempha pa foni ndipo nthawi zambiri yankho limabwera pompopompo, likukuuzanso msinkhu womwe sukuyenera kupitirira, kwina umachita kulemba kalata kapena kuimbira a eyapoti masiku angapo zisanachitike. Pa makampu a asilikali pokha musataye nthawi, yankho lake limakhala ayi, ndipo m'maiko ambiri kungojambula kampu ndi mlandu pawokha ngakhale droni yanu isanadutse mpanda.

Apa pali msampha womwe umakola anthu ambiri. Amati bola droni yavomera kunyamuka ndekuti malowo ndi ololedwa. Ayi ndithu. Kale ma droni a DJI ankakana okha kuuluka pafupi ndi ma eyapoti, koma kampaniyi inasintha, ku Ulaya mu 2024 ndipo ku America mu Januwale 2025, panopa imangokuchenjezani pa sikirini inu mukadina kuti mwamva imauluka. Nde apu ya kampani si lamulo, ndipo wapolisi sangamve zoti foni sinandiletse.

Mapu muwaonenso tsiku lomwelo, osati munaona sabata yatha basi mwamaliza. Pamakhala zidziwitso zotchedwa NOTAM zomwe zimatseka mlengalenga kwa maola kapena masiku, mwina kukubwera atsogoleri a maiko, mwina kuli moto wolusa, mwina asilikali akuchita maphunziro. Onani zomwe zinachitika ku Denmark mu Seputembala 2025: pa 22 eyapoti ya Copenhagen inatsekedwa pafupifupi maola anayi chifukwa cha ma droni akuluakulu, patapita masiku ochepa zinachitikanso ku Aalborg, kenako ma droni anaoneka ku Karup komwe kumakhala ma helikopita a asilikali a dzikolo. Boma linati zimenezi si za ana osewera ayi koma za anthu odziwa chomwe akuchita, komabe linaletsa ma droni a anthu wamba onse m'dziko lonse kuyambira pa 29 Seputembala mpaka pa 3 Okutobala pomwe kunali msonkhano wa atsogoleri a ku Ulaya. Amene sanaone chidziwitso m'mawa umenewo akanapezeka pa mlandu ali pabwalo lomwe amaulutsirapo masiku onse.

Za mamita 120

Pafupifupi paliponse malire ndi mamita 120 kuchokera pansi, ena amati mafiti 400, ndi chimodzimodzi. Lowani mu ma setting muike malire amenewa kapena ocheperapo kuti droni izikana yokha kukwera. Koma musaganize kuti pansi pa mamita 120 ndi panu nokha. Ndege ikamatera imatsika pang'onopang'ono pa madigiri atatu, kutanthauza kuti pa kilomita iliyonse imatsika mamita pafupifupi 52, nde ikakhala makilomita awiri kuchokera pa runway imakhala ili pa msinkhu womwewo wa droni yanu, ikuthamanga makilomita oposa 200 pa ola. Nchifukwa chake dera loletsedwa limatalika kwambiri moyang'anana ndi kumapeto onse awiri a runway kusiyana ndi m'mbali. Mungathe kukhala malo oti mpanda wa eyapoti simukuuona nkomwe koma muli pansi penipeni pa njira yotera.

Ma helikopita nde nkhani ina, ndipo ineyo ndimaona kuti amenewa ndi oopsa kwa ife kuposa ndege zonyamula anthu. Ndege yaikulu imadziwika njira yake, helikopita ya asilikali ilibe njira imodzi. Amaphunzira dala kuuluka chapansipansi, kutsata zigwa, mitsinje ndi magombe, kubisala kuseri kwa mapiri ndi mitengo, ku UK amaloledwa kutsika mpaka mafiti 100 omwe ndi mamita 30 okha, nthawi zina kutsika kuposera apo akamayeserera kutera. Ndipo sachita zimenezi pa kampu pokha, amapita kutali ndithu, komanso kawirikawiri amayenda awiriawiri nde yoyamba ikadutsa musapume, mnzake ali pambuyo.

Pali ngozi ina yomwe aliyense woulutsa droni ayenera kuidziwa. Pa 21 Seputembala 2017 chakumadzulo, helikopita ya asilikali a America ya mtundu wa Black Hawk inagundana ndi droni ya DJI Phantom 4 pafupi ndi Staten Island ku New York, pa msinkhu wa mafiti pafupifupi 300, pansi pa malire aja. Mwini droni anali ataitumiza kutali makilomita pafupifupi anayi pamwamba pa madzi, osaiona ndi maso, akungodalira mapu a pa tabuleti, ndipo sankadziwa kuti derali linali lotsekedwa chifukwa cha msonkhano wa United Nations. Phiko limodzi lozungulira la helikopita linaphwanyika pang'ono, zidutswa za droni zinakapanikizika mkati mwa helikopita, mwamwayi inakatera bwinobwino. Mwini wakeyo anadikira droni osabwera nkuganiza kuti yagwera m'madzi. A NTSB, bungwe lofufuza ngozi ku America, anamupeza kudzera pa nambala yomwe inali pa kachidutswa ka mota komwe kanatsalira mu helikopita muja. Nde amene amati ndani angadziwe kuti ndi yanga, mwamva.

Droni si mbalame eti, mbalame ndi nyama ndi nthenga pomwe droni ili ndi ma mota achitsulo ndi batire lolimba lomwe likaphwanyika limatha kuyaka. Galasi lakutsogolo la ma helikopita ambiri silolimba ngati la ndege zazikulu, ndipo kachopukusa ka kumchira kakawonongeka helikopita imayamba kuzungulira yokha.

Mukafika pamalopo

Imani poti mukuona mlengalenga mbali zonse, osati kutsinde kwa phiri kapena kuseri kwa nyumba zazitali poti helikopita ingotulukira. Chotsani ma hedifoni, zimitsani nyimbo, chifukwa helikopita mumayamba kuimva musanaione. Ngati nkotheka tengani mnzanu woti ntchito yake ikhale kuyang'ana kumwamba basi, inu maso akakhala pa sikirini iye azikuuzani. Ndipo droni musaitaye m'maso, kamera yake imaona kutsogolo kokha, chomwe chikubwera kumbali kapena kumbuyo simungachione pa foni. Mukafika poti simukudziwa kuti mutu wa droni waloza kuti, mwapita kutali, bwezani.

Onaninso msinkhu wa Return to Home musananyamuke. Siginolo ikaduka kapena batire likatsika droni imakwera yokha kufika pa msinkhu womwe munaika kenako nkubwerera molunjika, siisamala kuti kukubwera chiyani. Ikani msinkhu wongokwanira kudumpha mitengo ndi mapolo omwe ali pamalopo, osati mamita 100 chifukwa choti ndi momwe munaipezera. Dikiraninso GPS igwire bwino ndipo droni ilembe pomwe yanyamukira, apo ayi idzabwerera kolakwika.

Mukamva kulira kwa helikopita musayambe kufufuza kuti ili mbali iti kapena kufuna kuijambula, tsitsani droni nthawi yomweyo. Osadina Return to Home pamenepa chifukwa ingathe kuyamba yakwera kaye. Kokerani stiki pansi mpaka droni ikhale m'munsi mwa mitengo kapena madenga, ngati pansi pake pali poyera iterani pompo mukaitola pambuyo, bola kuyenda wapansi kukaitenga. Osayesa kuithawitsa cham'mbali, simungapikisane ndi chinthu chothamanga makilomita 250 pa ola ndipo kuchokera pansi nkovuta kudziwa kuti ndani ali pamwamba pa mnzake. Lamulo paliponse ndi loti droni ndi imene imapatuka, pailoti sangakuoneni mpaka zitatsala sekondi imodzi kapena ziwiri. Ikadutsa dikirani ndithu phokoso litheretu.

Komwe kwachitika ngozi, kusefukira kwa madzi kapena moto, droni isiyeni mu chikwama ngakhale zithunzi zake zingakhale zokoma bwanji. Kumeneko nkomwe ma helikopita opulumutsa anthu amauluka motsika kwambiri ndipo akangoona droni amaimitsa ntchito. Mu Januwale 2025 pa moto wa ku Palisades ku Los Angeles, kadroni kakang'ono ka DJI Mini kosafika magalamu 250 kanaboola phiko la ndege yozimitsa moto yochokera ku Quebec, ndegeyo inakhala pansi masiku angapo moto ukuyaka, mwini wake anavomera mlandu kukhoti. Nde zoti yanga ndi yaing'ono ilibe vuto zisiyeni. Magalamu 250 aja amakhudza nkhani ngati ya kalembera m'maiko ena, malamulo a ma eyapoti amagwira droni iliyonse, ndipo ku Ulaya ngakhale yaing'ono ikakhala ndi kamera mwini wake amalembetsa ndithu.

Nanga droni ikakuthawani nkulowera ku eyapoti kapena ku kampu? Zimachitika, mphepo ya kumwamba imakhala yamphamvu kuposa ya pansi. Yesani kuitsitsa pomwe ilipo, ikakana imbani foni nthawi yomweyo kwa a eyapoti kapena apolisi, ndipo nambala zimenezi muzikhala mutazisunga kale. Auzeni mtundu wa droni, kukula kwake, komwe yalowera, msinkhu womwe inali ndi mphindi zomwe batire latsala nazo, chifukwa a ku tawa akadziwa kuti pakatha mphindi 10 ikhala itagwa amadziwa nthawi yoimitsira ndege, kusiyana nkuti azisaka chinthu chosadziwika usiku wonse. Musafufute ma log a ulendowo, mbiri ya mmene droni yaulukira, ndi omwe angasonyeze kuti simunachite dala.

Mukaona droni ya munthu wina pafupi ndi eyapoti, nenani kwa apolisi malo, nthawi ndi komwe ikulowera, jambulani vidiyo ngati mungathe muonetsenso nyumba kapena mtengo kuti adziwe pomwe munaima. Koma yang'anitsitsani kaye, usiku anthu ambiri amasokoneza droni ndi nyenyezi, magetsi a pa kireni kapena ndege yomwe ikubwera molunjika kwa iwo yomwe imaoneka ngati yaima malo amodzi. Osaigenda, osaiwalitsa ndi leza, mungathe kuthobwa m'maso pailoti wa helikopita ya apolisi yomwe ikusaka droni yomweyo.

Kwa amene zakupezani muli pa ulendo, ngati anthu pafupifupi 3,000 omwe anakakamira pa eyapoti ya Munich ku Germany chifukwa cha ma droni usiku wa pa 2 Okutobala 2025, musathamangire kugula tikiti ina musanalankhule ndi kampani ya ndege yanu. Pa malamulo a ku Ulaya ndi UK nkhani ya droni imatengedwa ngati vuto lomwe kampani sikanatha kulipewa, nde chipukuta misozi cha ndalama nthawi zambiri sichiperekedwa, koma akuyenerabe kukupezerani ndege ina kapena kukubwezerani ndalama ya tikiti, komanso kukupatsani chakudya ndi pogona mukamadikira. Akalephera nkulipira nokha, sungani ma risiti onse ndi boarding pass, mujambulenso bolodi yosonyeza kuti ulendo walephereka, kenako mukatumize pa fomu ya pa webusaiti ya kampaniyo.