Mwafomata laputopu ndiye WiFi yasowa? Musathamangire kugula dongle

Sabata yathayi anandipeza pa Kamuzu Road mayi ena aphunzitsi ochokera cha ku Senga Bay atanyamula HP yawo, akuti mphwawo anawaikira Windows 10 yatsopano ndiye kuyambira tsiku limenelo WiFi kulibe, ngakhale kachizindikiro kake kaja ka pansi kumanja sikakuoneka. Anali atauzidwa kale kuti kadi ya WiFi ya mkati mwa laputopu yapsa, akagule dongle, kachipangizo ka WiFi kolowetsa pa USB. Sinapse ayi. Zimandipweteka kuona anthu akutaya ndalama chonchi pomwe nthawi zambiri vuto ndi driver basi, kapulogalamu kamene kamapangitsa Windows kuti iyizindikire kadi ya WiFi, ndipo mukafomata kamafufutika limodzi ndi zina zonse.

Koma musanafike kumeneko onani kaye zing'onozing'ono. Airplane mode ikhale yozima. Pa ma HP ambiri F12 ili ndi kanyali, kakakhala ka olenji ndiye kuti WiFi yazimitsidwa, dinani Fn ndi F12 pamodzi kapena F12 yokha. Malaputopu ena akale ali ndi kaswitchi m'mbali kapena kutsogolo.

Zikakanika dinani batani la Windows ndi X, musankhe Device Manager, mutsegule Network adapters. Mukaona dzina lokhala ndi mawu oti Wireless, WLAN kapena 802.11 driver ilipo. Mukapanda kuliona yang'anani pa Other devices, mupeza Network Controller ili ndi kachizindikiro kachikasu. Ndi yomweyo kadi yanu, ilipo bwinobwino, kungoti Windows sikuyidziwa.

Nde funso limene aliyense amandifunsa, ndidawuniloda bwanji driver poti intaneti yomweyo ndi imene kulibe? Foni yanu ija. Tengani kebo ya USB, koma ikhale yodutsa data chifukwa zina zotchipa zija zimangotchaja basi, lumikizani foni ku laputopu, yatsani data ya Airtel kapena TNM kenako pa Settings za Android pitani pa Hotspot and tethering muyatse USB tethering. Windows 10 ndi 11 zimaiona foniyo ngati intaneti ya waya popanda kuikaponso china. Mukangolumikiza chonde pitani pa Properties za netiwekiyo muyatse Metered connection, apo ayi Windows yatsopano imayamba kukoka ma update mwakachetechete, bandulo yonse n'kutha musanapeze n'komwe chimene mumafuna.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Laputopu za dzina limodzi, modelo imodzi, zimatha kukhala ndi makadi osiyana mkati, makamaka za ex-UK zimene tambiri timagulazi, zina zinasinthidwapo kale zida. Pa webusaiti ya HP, Dell kapena Lenovo mupeza ma driver a WiFi atatu kaya anayi a modelo yomweyo, ndiye musamangoyesa mwachimbulimbuli. Bwererani pa Network Controller ija, dinani kumanja, Properties, Details, musankhe Hardware Ids. Muona mzere woyamba ndi PCI\VEN_ kenako zilembo zinayi, manambala okha kapena osakaniza ndi malemba. Ikakhala 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 168C ndi Qualcomm Atheros, 14E4 ndi Broadcom, 14C3 ndi MediaTek. Ya mayi aja inali 10EC, tinatsitsa ya Realtek pa webusaiti ya HP titalemba serial number imene ili pansi pa laputopu, kuinstola, kurisitata, ma netiweki onse anatulukira pompo. Onetsetsaninso ngati Windows yanu ndi 64-bit kapena 32-bit, zalembedwa pa Settings, System, About.

Timapulogalamu tija tolonjeza kukupezerani ma driver onse kamodzi ine sinditilimbikitsa, tambiri timabwera ndi zotsatsa malonda ndi zinyalala zina zolemetsa kompyuta. Webusaiti ya amene anapanga laputopuyo ndiye yodalirika.

Tsono pali ena driver ilipo koma zikuvutabe. Ngati laputopu ikuona WiFi ya aneba koma hotspot yanu ayi, onani band pa foni, malaputopu akale ambiri amamva 2.4 GHz yokha, 5 GHz sayiona, sinthani pa settings za hotspot. Ngati palibe netiweki iliyonse ikuoneka dinani Windows ndi R, lembani services.msc, mupeze WLAN AutoConfig, ikhale Running komanso Automatic. Ikalumikiza koma n'kumati No internet, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe netsh winsock reset, Enter, kenako netsh int ip reset, Enter, murisitate.

China chimene anthu sachiganizira ndi tsiku ndi nthawi. Kabatire kakang'ono ka pa motherboard kakatha, laputopu imabwerera zaka zambuyo, ndiye Chrome imakana kutsegula masamba n'kumati Your connection is not private, munthu n'kumaganiza kuti WiFi yavutanso. Konzani deti, time zone muike UTC+02:00 Harare, Pretoria, ndi imene ikugwirizana ndi nthawi ya kuno kwathu.

WiFi ikayamba kugwira musatseke kaye abale. Lowetsani flashi, mupangemo foda ya dzina loti drivers, muone kuti flashiyo yapatsidwa chilembo chanji, tinene E, kenako mu Command Prompt ya administrator lembani pnputil /export-driver * E:\drivers ndipo ikopera ma driver onse amene munaika. Tsiku lina mukadzafomatanso mudzangopita pa Device Manager, Update driver, Browse my computer for drivers, n'kuloza foda imeneyo, osafunanso data ngakhale pang'ono.