Mmene mungadziwire mtundu wa nudi mukaipeza m'nyanja yamchere

Ma nudi ndi tinkhono topanda chigoba ta m'nyanja yamchere, dzina lonse ndi nudibranch, ndipo mitundu yodziwika ilipo pafupifupi 3,000. Mu nyanja ya Malawi musavutike nkusaka, mulibe, tinkhonoti timafuna madzi amchere basi. Koma inu amene mumafikako ku Sodwana Bay ku South Africa, kapena ku Ponta do Ouro, Tofo ndi Zavora ku Mozambique, kumeneko ndiye kwawo, ngakhale m'timaiwe totsalira m'miyala madzi akaphwa mutha kutipeza.

Vuto la ambiri nkuthamangira kala. Munthu wangoona kanthu kabuluu ndi olenji basi walemba kale dzina pa Facebook. Ayi, kala muione pomaliza. Yambani ndi thupi.

Choyamba tsimikizani kuti ndi nudi dii. Kumutu kuzikhala tinyanga tiwiri toimirira, totchedwa rhinophores, ndi timene kamanunkhizira. Pali ma flatworm, nyongolotsi zafulati za m'nyanja, amene amafanana nawo zedi pa kala, koma iwo ndi opyapyala kwambiri, alibe zopumira pamsana, tinyanga tawo ndi khungu lam'mphepete longopindika, komanso amatsetsereka mwachangu pomwe nudi imangokhwekhwereza. Mukaona chinyama chonenepa chotulutsa madzi a pepo mukachiputa, chimenecho ndi sea hare, m'bale wake koma si nudi.

Kenako yang'anani pamsana. Ngati chakumbuyo kuli zopumira zounjikana pamodzi ngati kaduwa, muli m'gulu la ma dorid. Ngati msana wonse wadzaza ndi tizala tambirimbiri, amenewo ndi ma aeolid, tizalato amati cerata. Ndiye pali ena oti pamsana palibe zopumira olo pang'ono, pangokhala totupatupa tolimba, amenewo ndi a banja la Phyllidia, zopumira zawo zimabisala kunsi m'mbali mwa phazi. Mukangosiyanitsa izi ndiye kuti mitundu yambirimbiri mwaichotsa kale pamndandanda musanatsegule nkomwe buku.

Tsopano kala ija. Apa pamafunika kudekha chifukwa pansi pamadzi maso amanama, kuwala kofiira kumazimirira mukangotsika mamita ochepa, ndiye chinthu cha pinki chimaoneka chotuwa kapena chobiriwirako. Tengani tochi. Mukawalitsa musangoti "ndi yabuluu", werengani mizere, onani mmene mitundu yam'mphepete yandondozanirana kuchokera kunja kulowa mkati, kenako kala ya tinyanga ndi ya zopumira payokhapayokha.

Chitsanzo chabwino ndi ma Chromodoris a mbali ino ya Indian Ocean, amene amasokoneza ngakhale akatswiri. Onse tinyanga ndi zopumira nza olenji, m'mphepete namonso olenji, ndiye mukangodutsa mothamanga muona ngati ndi amodzi. Koma Chromodoris africana msana wake ndi wakuda wokhala ndi mizere yoyera, pomwe Chromodoris hamiltoni msana ndi wabuluu wotuwirako wokhala ndi mizere yakuda, kawirikawiri itatu. Palinso quadricolor, yodziwika kwambiri ku Red Sea, mizere yake yakuda ndi yabuluu kenako koyera kenako olenji kunja. Funso loti muzidzifunsa nlakuti kodi apa chakuda chili pamwamba pa buluu kapena choyera chili pamwamba pa chakuda, mukayankha limenelo mwayandikira.

A totupatupa aja nawonso ali ndi kachinsinsi kawo. Phyllidia varicosa totupa take nsonga zake nzachikasu, tinyanga tachikasu, ndipo kunsi kwa phazi kuli mzere wakuda. Phyllidiella pustulosa totupa take nta pinki koma tinyanga takuda. Ndiye tinyanga tokha takuuzani kale mbali yopita. Chosekesa nchoti pali sea cucumber ina (nyama ya pansi pa nyanja yooneka ngati nkhaka), Pearsonothuria graeffei, imene ikakhala yaing'ono imaoneka ndendende ngati varicosa kuti nsomba ziziiopa, poti ma Phyllidia ali ndi poizoni. Mukasaka tinyanga osatipeza bwinobwino, kaikirani.

Spanish dancer yokha siivuta, chinyama chofiira chachikulu choposa chikhatho, china mpaka masentimita 30 kapena kuposa, chimakonda kutuluka usiku ndipo chikadzidzimuka chimasambira mopindapinda thupi. Kungoti mu 2023 ofufuza anapeza kuti zimene tonse timangoti Hexabranchus sanguineus ndi mitundu ingapo yosiyana, ndiye mukalemba Hexabranchus basi palibe angakutsutseni.

Onaninso chimene kanyamako kakwerapo. Ma nudi ambiri ndi osankha zakudya heve, ma Chromodoris ndi Phyllidia amadya siponji wam'nyanja, ma aeolid ambiri amadya ma hydroid ndi ma anemone, tinyama ta mbola tooneka ngati zomera. Choncho pojambula musadule malo kakhalapo. Jambulani kuchokera pamwamba, kenako cham'mbali kuti phazi lioneke, kenako pafupi ndi mutu, ndipo dikirani kaye chifukwa mukakayandikira mwaphuma kamabweza tinyanga ndi zopumira mkati nkungotsala kambulu kopanda tanthauzo. Lembani kutalika kwake, kuya kwa madzi, malo ndi tsiku.

Za kugwira ndiye iwalani. Ku magombe a KwaZulu-Natal mphepo ikaomba kuchokera kunyanja pamagwa kanthu kabuluu kokongola kwabasi, masentimita atatu okha, Glaucus atlanticus. Kamadya ma bluebottle, tinyama ta mbola toyandama pamwamba pa madzi, nkusunga mbolazo m'tizala take, ndiye kamaluma ndithu, ana asakatole. Komanso Sodwana ili mkati mwa iSimangaliso Wetland Park, malo otetezedwa, kutola zamoyo popanda chilolezo ndi mlandu.

Zithunzi zija ziikeni pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lothandizana kuzindikira zamoyo, pamodzi ndi malo ake, odziwa adzakuthandizani. Akakuyankhani dzina loyamba lokha kenako "sp.", kutanthauza kuti mtundu weniweni sunadziwike, musakhumudwe, mitundu ina imasiyana pa timano tamkamwa toonera pa maikulosikopu kapena pa DNA, chithunzi sichingafike pamenepo, ndipo ku gombe la Mozambique kukupezekabe ma nudi oti sanapatsidwe dzina mpaka pano.